Kamuvi Koyenda Kokha

Lolemba m'mawa ndinapeza kompyuta ya mu situdiyo itafiira sikirini yonse. Ndinaika chikwama pansi, ndinagwedeza mausi, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Inafiirabe. Pakati panali chithunzi cha loko, m'munsi mwake mawu oti zithunzi zathu zonse azitsekera, tikazifuna tilipire, tikazengereza azifufuta.

Zonse ndithu. Maukwati, makanda, omaliza sukulu atavala mikanjo yobwereka, nkhalamba zimene ana awo anabwera nazo kuti zijambulidwe zisanatisiye. Ndiponso ukwati wa Loweruka lapitali, umene mayi a mkwatibwi anali atayamba kale kundivutitsa nawo pafoni.

Amene amajambula ndi bambo a ana anga. Ine ndimagwira zotsalazo: kulandira anthu, kusindikiza, kusesa, kupukuta ana mamina asanakhale pa mpando. M'mawa uliwonse bambowo amayamba ajambula ine poyesa kuwala, kaya ndagwira tsache kaya ndikutafuna, ndipo ndinatopa kalekale kuwaletsa. Tsiku limenelo analowa pambuyo panga, anayang'ana sikirini, kamera n'kungolendewera pachifuwa.

"Yatani?"

"Werengani nokha."

Anapapasa m'matumba. "Magalasi sindikuwaona kuyambira dzulo."

"Ndiye khalani pansi, ndiimbe kupolisi."

Anakhaladi. Iwo amene ukawauza kuti akhale amaimirira dala. Zimenezo ndinaziona, koma ndinalibe nthawi yake.

* * *

Kupolisi anatitumizira mayi wina wa ku ofesi yoona za akuba a pa intaneti, wamfupi, wosaseka, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Moni asanamalize anagwada pansi pa tebulo n'kuzula nthambo ya intaneti.

"Musalipire," anatero akusasa fumbi m'maondo. "Mukalipira mwawauza kuti mumalipira, abweranso. Ndipo ambiri satsegula n'komwe."

Analumikiza kalaputopu kake n'kuyamba kufufuza. Ine ndinaima pakhomo kubweza makasitomala ndi bodza loti magetsi avuta, mababu ali ngwee pamutu panga. Bambo anati mutu ukuwapweteka, anapita kukakhala kuseri, kumene timasungira mafelemu.

"Mayi, tabwerani," anandiitana wapolisi uja. "Pulogalamu iyi anaikamo ndani?"

"Za mapulogalamu sindizidziwa ine."

"Ili ndi khomo. Munthu ali kutali amalowera pamenepa n'kumayendetsa kompyuta yanu ngati wakhala pa mpando uwu."

Pamenepo ndinadziwa. Anaika ndi mwana wathu wachisamba. Ali ku koleji, mumzinda wakutali, kompyuta ikavuta ankaikonza ali komweko, Lamlungu masana. Tinkasonkhana banja lonse kuonerera kamuvi ka pa sikirini kakuyenda kokha, azing'ono ake akukuwa ngati aona mzukwa. Akalowa, asanagwire chilichonse, ankayamba wakazunguliza kamuviko pakati pa sikirini ngati galu wofuna pogona. Moni wake unali umenewo, ndipo bambo ake ankabwezera ndi dzanja ngati mwanayo akuwaona.

Atamaliza sukulu anabwera kunyumba, anayambana ndi bambo akewo. Iwo ankafuna kuti atenge situdiyo, iye anati mafoni anaipha kale ntchito imeneyi. Bambo anayankha mawu amene sindingawabwereze. Mwana analongedza. Zaka zapitapo ndithu. Poyamba ndinkanyamula mawu kuchoka kwa uyu kupititsa kwa uyo ngati mtolo wa nkhuni, mpaka khosi linandipweteka, ndinatula. Masiku ano ndikamulembera uthenga amandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba, basi. Mmene mawu ake amamvekera ndinayamba kuiwala.

Wapolisi uja ndinangomuuza kuti, "Mwana wathu."

"Wakubayu walowa ndi pasiwedi ya mwana wanuyo. Chiikireni sinasinthidwepo. Wakhala akulowa Lamlungu lililonse kwa masabata angapo, kusuzumira uku, kuzimitsa chitetezo uko, dzulo n'kutseka zonse. Kope lina la zithunzizi muli nalo?"

"Anati zonse zimadzikopera zokha ku nkhokwe ina ya pa intaneti. Kiyi wake ali ndi iyeyo."

"Makiyi onse ali ndi munthu mmodzi." Anandiyang'ana. "Anachoka bwino pakhomo pano?"

"Mwana wanga si wakuba, bwana."

"Amayi onse amatero. Mwina pasiwediyo inabedwa kwina n'kugulitsidwa, zimachitika tsiku ndi tsiku. Mwinanso ayi. Ndikufuna nambala yake."

"Ndiifufuze kaye."

Nambala imene ndingaitchule ngakhale mutandidzutsa kutulo.

"Ndibweranso masana. Mukapanda kundipatsa ndikaipeza ndekha, ndipo dzina lake lilowa m'mlandu." Anatseka kalaputopu kake. "Chinanso. Khomo limeneli silitseguka lokha. Wakunja akagogoda pamabwera kabokosi kofunsa, ndipo munthu wa muno amayenera kudina kuti inde. Lamlungu mumatsegula?"

"Sititsegula."

"Inu mumakhala kuti?"

"Pa beseni la zochapa. Mukafunse chingwe choyanikira."

"Bambo aja?"

"Kompyuta sayigwira. Amati iwo ndi a kamera."

"Ndiye amadina ndani?"

* * *

Kumanzere kwathu kuli wometa, munthu amene amadya wayifayi yathu ngati amathandiza kulipira. Ndinamupeza akumeta mdala wina amene anali atagona tulo pa mpando.

"Amayi a situdiyo! Lero intaneti yanu yadwala, makasitomala anga akudandaula."

"Makasitomala anu agule yawo. Inu Lamlungu mumatsegula. Mwaonapo ndani akulowa kwathu?"

"Ine maso anga amakhala pa mitu ya anthu, amayi."

"Pasiwedi ndikusintha lero lomwe."

Makina ometera anazima.

"Aaa, tisafike kumeneko, ndife anthu amodzi. Mlendo sindinaonepo, kunena zoona. Koma kuwala kokha, eee! Nyali yaikulu ija ya ambulera imayaka masana onse, makatani atatseka. Ine ndimati abwana apeza kantchito kapadera."

"Abwana ake ati?"

"Anu omwewo. Kodi simukuwaona kusalala masiku ano? Munthu amene ankasunga ndevu ngati tchire lobisalamo njoka, pano Lamlungu lililonse ali pa mpando uwu. 'Undimete bwino, m'mbalimu usasiye.' Mpaka kupempha mafuta onunkhira. Ine ndinati, achikulire, mukukafunsira kuti?" Anaseka yekha, n'kuona nkhope yanga, n'kusiya. "Ine sindinanene kanthu, amayi. Mdala uyu ndi mboni."

Mdalayo analiza mkonono.

Kunyumba bambo ankandiuza kuti akupita kukatchaja mabatire.

* * *

Kumanja kuli mlamu wanga, mlongo wawo wa bambowo, amene amabwereketsa madiresi a ukwati. Khoma lotilekanitsa ndi la mabolodi, ukayetsemula uku, uko amati pepani. Ndinamupeza ali ndi mapini pakamwa.

"Alamu, musanayambe, ine fulashi yanga ndinailowetsa mu kompyuta yanu tsiku limodzi lokha, ndipo inali yatsopano, ili m'pepala mwake, mukhoza kukafunsa kumene ndinagula..."

"Sindikufunsa za fulashi. Achimwene anu amatani mu situdiyo Lamlungu?"

Analavulira mapini m'dzanja. Anatseka chitseko. Anatsegulanso, anasuzumira panja, anatsekanso.

"Ine ndinalumbira kuti za m'banja la eni sindilowerera. Koma poti mwafunsa nokha. Amabwera ndi malaya oyera aja m'jumbo, kudzasita ndi ayironi yanga. Okha! Achimwene amene chibadwire sanagwirepo ayironi, mpaka anawaula kolala. Akatero amalowa kwanuko n'kukhoma. Ndiye ine pokonza madiresi anga, osati kuti ndimamvetsera, khomali mukulidziwa nokha..."

"Amalankhula ndi ndani?"

"Ndi pamene pakundizunguza mutu. Amalankhula motsitsa, mawu aja a munthu wonyengerera. 'Koma ukudya? Kumeneko kukuzizira?' Tsiku lina ndinamva akuti, 'Zija ndinanena zija, wazisunga mpaka lero?' Koma winayo, alamu, ziii. Ngakhale kutsokomola. Ndinati mkazi ameneyu ngwamanyazi bwanji."

"Munamuonapo akutuluka?"

"Ndinadikira pawindo mpaka mwendo kuchita dzanzi. Amatuluka okha, maso ali psuu. Dzulo ndiye anatuluka chothamanga, osatsanzika, chitseko kuchita kumenyetsa." Anandigwira mkono. "Limbani mtima. Amuna akafika msinkhu umenewu amayamba kununkhira."

Ndikanakonda akanakhala mkazi. Mkazi ndikanadziwa pomugwira.

* * *

Ndinabwerera mu situdiyo n'kuima pakhomo, kuyang'ana chipinda chimene ndimasesa tsiku ndi tsiku ngati ndi cha eni.

Nyali ya ambulera imaloza ku nsalu yakumbuyo, kumene makasitomala amakhala. Miyendo yake inadinda kale maenje pa kapeti. Tsiku limenelo inali pambali pa maenjewo, itatembenukira ku mpando wa pa kompyuta, itatsitsidwa kufika pa nkhope ya munthu wokhala pansi. Amene anaikoka anachoka mwachangu, anaiwala kuibweza.

Pamwamba pa sikirini pali kadiso ka kamera. Mwana wathu anakamata ndi tepi yakuda kalekale, n'kutiuza kuti tisadzachotse, anthu oipa amasuzumira pamenepo. Tepiyo inali itamatulidwa n'kumatidwa m'mphepete mwa tebulo, kona imodzi itapindidwa kuti isavute pomatulanso. Pakhomo pathu pali munthu mmodzi yekha amene amapinda tepi choncho.

Kuseri kwa kiyibodi kunali magalasi.

Ndinawatola, ndinapita nawo kumafelemu.

* * *

Anali atakhala pa katoni pakati pa mafelemu opanda zithunzi. Ndinawaikira magalasi pa bondo.

"Mwawapeza kuti?"

"Pamene munawasiya. Yambani."

Anawapukuta ndi malaya nthawi yaitali, galasi ili, galasi ilo.

"Tsiku loyamba ndinabweradi kudzatchaja mabatire. Kompyuta munaiiwala yoyaka. Ndinangoimva ikulira ngati kabelu. Kuyang'ana, kabokosi kaja kankabwera kale kaja. Ndi dzina lake pamenepo, amake mwana. Dzina lake lenileni."

"Munadina."

"Mwana akugogoda, ndimukanize?"

"Kenako?"

"Kamuvi kanayenda." Anakweza chala n'kuchiyendetsa m'mwamba pang'onopang'ono. "Ndinati wabwera. Sakufuna kulankhula, chabwino, nanenso mawu amandivuta. Koma wabwera kudzaona ngati zinthu zili bwino kwawo. Lamlungu linalo ndinayatsa ndekha n'kudikira. Anabweranso. Ndiye ndinati andioneko. Ndinachotsa tepi. Koma pakona paja m'pamdima, munthu umaoneka ngati wadwala chaka chonse. Ndinakokera nyali."

"Ndi mafuta onunkhira."

Sanaseke.

"Pena pankabwera timabokosi tina, tofiira, tochenjeza. Ndinkangodina inde. Ndimati akukonza. Dzulo ndili pakati polankhula, zonse n'kufiira."

"Ine osandiuza? Mwana ameneyu ndinabereka ndine. Mukudziwa kuti foni ndimapita nayo mpaka kubafa, kuopa angaimbe ndili ndi sopo kumaso?"

"Mukanamuimbira. Mukanamufunsa."

"Ndiye?"

Anatembenuza magalasi aja m'manja.

"Tamverani. Wapolisi uja akufuna kumulemba m'mlandu mwana ameneyu. Mundiyankhe chinthu chimodzi, osandinamiza. Kamuviko kankazungulira?"

Anayang'ana pansi.

"Abambo ake, kankazungulira?"

"Ayi. Kankangolunjika kumafayilo ngati munthu wothamangira basi."

"Ngakhale tsiku limodzi?"

"Ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye munkadziwa kuti si iye."

"Ndinayamba kukayika kalekale." Anavala magalasi aja, n'kuwavulanso. "Koma kankayenda, amake mwana. Zaka zonsezi kanali chiimire. Ndiye kankayenda."

Ndinafuna kuwalalatira. Mawu ndinali nawo okwanira, ena ndinawasunga kuyambira tsiku limene mwana analongedza. Koma munthu wake anali atatha kale, ndipo foni inali ikulira m'dzanja langa, mayi a mkwatibwi aja. Ndinawadula. Ndinaimba nambala ina.

* * *

Sinachedwe kuyankhidwa.

"Amayi."

Mawu anakula, anatsika ngati a bambo ake. Ndinakhala pa katoni ina.

"Iwe, koma ukudya?" Ndi zimene zinatuluka. Ndinadzikwiyira ndekha. "Tamvera. Kompyuta yathu aitseka akuba. Alowera pa khomo lako lija, ndi pasiwedi yako. Apolisi akuganizira iweyo."



"Dzina la galu wathu lija? Simunasinthe mpaka pano? Amayi, pasiwedi imeneyo ndinkaiika paliponse ndili pasukulu, ili m'manja mwa anthu kalekale imeneyo." Anapuma mwamphamvu. "Apatseni nambala yanga. Lamlungu masana ndimakhala kuntchito, pamaso pa anthu. Akafunse."

"Zithunzi za eni zapita?"

"Sizinapite. Nkhokwe ija imasunga ndi zakale zomwe, ndizibweza zonse. Ndinaona dzulo madzulo kuti zikukana kutseguka. Foni ndakhala ndili nayo m'manja kuyambira pamenepo, kusowa poyambira."

"Unaona bwanji iweyo?"

Ndinkamva magalimoto akudutsa kumene analiko, msewu umene sindinauonepo.

"Ndimaziona, amayi. Ndikaweruka Lamlungu ndimatsegula nkhokwe ija. Za makasitomala sindizigwira. Ndimaona zija amakujambulani ababa m'mawa poyesa kuwala." Anaseka pang'ono, mphuno itatsekeka. "Palibe ngakhale chimodzi chimene mukusekerera. Duku lobiriwira lija munalitaya? Ndipo mwaonda."

"Ndaonda ndi ntchito. Ukanakhala kuno bwenzi ukusesa ndiwe."

"Zanu ndili nazo zambirimbiri. Azing'ono anga amadutsamo nthawi zina, atalika bwanji. Koma za ababa palibe. Ojambula saoneka. Sindikudziwa mmene akuonekera masiku ano."

Foni yanga imakuwa. Bambo ankamva zonse, atagwira felemu yopanda kanthu pamiyendo.

* * *

Wapolisi anabwera masana monga ananenera. Ndinamupatsa nambala, anakalankhula ndi mwana wathu panja, anabwerako nkhope ili chimodzimodzi.

"Za kuntchito kwakezo ndikatsimikiza ndekha, koma sindikumulemba. Wakubayu akuoneka kuti ndi aja amagula mapasiwedi akale n'kumagogoda makomo ambirimbiri, kuona lotseguka. Mwina sitimugwira, ndisakunamizeni. Kompyutayi ifufutidwe yonse, iyambirenso. Mapasiwedi onse akhale atsopano, ndipo galu mumusiye agone. Oyandikana nawo asamadye intaneti imodzi ndi kompyuta ya ntchito. Makasitomala muwauze zoona, chifukwa zithunzi zina mwina anazikopera. Tepi ibwerere pamalo pake." Anayang'ana nyali ya ambulera, anayang'ana mpando, sanafunse kanthu. "Ndipo khomo lija ndikulichotsa."

"Nanga akafuna kulowa?" anafunsa bambo, ataima pachitseko cha kumafelemu.

Wapolisi anayang'ana ine.

"Chitseko cha matabwa chilipo," ndinatero. "Loko sitinasinthe. Kiyi anapita naye."

Atachoka wapolisi ndinaimbira mayi a mkwatibwi, ndinawauza zoona, anandinena mpaka khutu kutentha, tinagwirizana kuti adzatenge zithunzi zawo Lachisanu. Kenako ndinaimbanso nambala ija n'kuwapatira bambo foni m'manja. Anabwerera chafutambuyo ngati ndawapatsa khala la moto, mpaka anagwera pa mpando wa pa kompyuta. Anaika foni kukhutu. Uku chete, uko chete. Amuna awiri akuluakulu kumvetserana kupuma, mayunitsi anga akutha.

Nyali inali pomwe anaisiya dzulo, italoza pa nkhope yawo. Ndinaiyatsa. Ndinawavula kamera pakhosi, yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndinafunafuna podina.

Anatseka foni ndi dzanja. "Malayawa ngosasita," ananong'ona.

"Khalani choncho. Dzutsani mutu."

Kufoni kunamveka mawu, motsitsa. "Ababa?"

Ndinadina.